Samuel Josiah Nthara: Mphunzitsi Amene Anabwerera Kukaphunzira kwa Agogo

Aliyense amene anayendapo pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima amawadziwa malo aja pamene msewu umayamba kukhotakhota pakati pa mapiri a Dowa, usanatsetserekere kunyanja. Pamenepo ndi pa Mvera. Cha kumpoto kwake kuli phiri la Kongwe, ndipo munthu akapitirira amakafika ku nkhalango yowirira ya pa phiri la Ntchisi, m'mene makolo athu ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. M'mapiri amenewa ndi m'mene munayambira sukulu zimene zinalera munthu amene tikumukumbukira lero, mphunzitsi Samuel Josiah Nthara, ndipo ndi m'menemonso m'mene iwo anakatolamo ina mwa nkhani zimene anatisiyira m'mabuku.

Kwa amene anapita kusukulu kalelo dzina limeneli si lachilendo, pakuti analiona pa chikuto cha Nthondo ndi cha Mbiri ya Achewa. Pa mabuku a m'Chingerezi dzinali linalembedwa kuti Ntara, ndipo pena dzina lapakati linalembedwa kuti Yosia, koma munthu wake ndi mmodzi yemweyo. A Nthara sanali Mkatolika. Anali mkhristu wa mpingo umene anthu ankautcha wa Dutch, umene lero ndi Sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Komabe ntchito imene anagwira moyo wawo wonse ndi yomwe akatekisi ndi aphunzitsi athu amaidziwa bwino, ndipo funso limene analimbana nalo ndi lomwe limatipeza ifenso m'miphakati mwathu: kodi munthu akalandira chikhristu ndi maphunziro a m'kalasi, nzeru za agogo ake azichita nazo bwanji?

A Nthara anabadwa pa 24 September 1905. Apo n'kuti patangopita zaka 16 chiyambire mishoni ya Mvera, imene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa anaitsegula m'chaka cha 1889 m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni. Mishoni ya Kongwe inatsatira mu 1894, ya Nkhoma mu 1896, ndipo patapita zaka likulu linasamuka ku Mvera kupita ku Nkhoma. M'chaka chomwecho cha 1889 ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi, koma sanakhalitse. Anachoka mu 1891 ndipo anadzabweranso mu 1902. Kotero mwana wobadwa mu 1905 m'Chigawo cha Pakati anabadwa sukulu ili chinthu chachilendo, pamene nkhalamba za m'mudzi mwake zinali zija zinaona ndi maso midzi ikutenthedwa, ndi anthu atamangidwa magoli akutsikira nawo ku Nkhotakota kwa Jumbe. Mbiri imene ife timaiwerenga m'mabuku, iye ankakhala nayo pa mphasa imodzi.

Mwana wa nthawi imeneyo ankaphunzira sukulu ziwiri. Yoyamba inali ya kunyumba, ndipo mphunzitsi wake wamkulu anali agogo aakazi. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Tsinde la mbumba ndi mayi wachikulire amene ana, adzukulu ndi zidzukulutudzi amachokera mwa iye. Ndiye amene ankadziwa kuti banja linachokera kuti, linagona madambo ati pobwera, manda a makolo ali pati, ndi chifukwa chake akuti ndi akuti sangakwatirane. Madzulo ankayala nthano ndi ndagi, ndipo m'menemo mwana ankaphunziramo ulemu, kusamala lilime ndi kuopa zamwini. Atsikana akatha msinkhu, anamkungwi ankapitiriza pamene agogo analekezera. Sukulu imeneyi inalibe belu kapena kaundula, komanso inalibe buku; zonse zinali m'mutu mwa munthu, ndipo munthuyo akatsikira kuli chete zambiri zinkapita naye.

Sukulu yachiwiri inali ya mishoni. Kawirikawiri inali kanyumba kofolera ndi udzu, ana atakhala pa mitengo kapena pa ziunda za dothi, masileti ali m'manja. Mphunzitsi ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono, Lamulungu n'kutsogolera mapemphero, ndipo masiku ena onse anali mlangizi wa mudzi pa za ukhondo, za ulimi ndi za makalata ochokera kwa amene anapita kukagwira ntchito kunja. Amishoni a Dutch ankalimbikira kwambiri chinenero cha anthu kusiyana ndi Chingerezi. Ena anawadzudzula kuti potero ankatsekereza ana njira ya ntchito za m'boma, ndipo chidzudzulocho chinali ndi mfundo yake. Koma chinthu chimodzi chabwino chinatulukamo: Chinyanja, monga chinkatchulidwira, chinasanduka chinenero cholembedwa mosamala. Baibulo lathunthu, Buku Lopatulika, limene William Murray anatsogolera ntchito yolimasulira, linatuluka mu 1922, a Nthara ali mnyamata wa zaka 17. Iwo anali m'gulu la achinyamata oyamba kukula akuwerenga chinenero chawo m'buku lalikulu chotero.

Sukulu ziwirizi sizinkamwerana madzi. M'zaka za m'ma 1920 kulimbana pakati pa nyau ndi mamishoni kunafika povuta m'madera ambiri a Chigawo cha Pakati, ndipo pa nkhani imeneyi a Dutch ndi Akatolika anali mbali imodzi, ngakhale kuti pa zina zonse ankakanganirana midzi yoti atsegulemo sukulu. Mphunzitsi wachinyamata ankaphunzitsidwa kuti zakale ndi mdima umene wabwera kudzauchotsa. Ambiri anamvera zimenezo mpaka kufika pochita manyazi ndi makolo awo omwe. Tisawaweruze msanga, anali anthu odzipereka, olandira malipiro ochepa, ndipo zina zimene ankalimbana nazo, monga mwavi, zinkaphadi anthu. Chimene chimawasiyanitsa a Nthara n'chakuti iwo, ali mphunzitsi wokhulupirika wa mishoni ya Nkhoma, sanaone ngati ubatizo ukuwalamula kuiwala. Anaona kuti nkhalamba zikutha, ndipo anazindikira kuti cholembera chimene amishoni anawapatsa chingathe kusunga zimene nkhalambazo zinkadziwa.

Mwayi woyamba unachokera kutali. Bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, linkachititsa mipikisano ya mabuku olembedwa ndi Aafirika m'zinenero zawo. Itafika nthawi ya Chinyanja, a Nthara analemba Nthondo ndipo anapambana mphotho. Bukuli linasindikizidwa ku Nkhoma mu 1933, mlembi wake asanakwanitse zaka 30. Anthu a ku Ntchisi dzina la Nthondo amalidziwa bwino chifukwa ndi la ufumu wa kwawo, koma Nthondo wa m'bukuli ndi munthu wopeka, amene a Nthara anamuumba kuchokera ku miyoyo ya anthu ambiri amene ankawaona.

Nkhaniyi imamutsata Nthondo kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Amakula ali mwana wovuta ndi wa manja aatali, amapita kukafuna ntchito kumaiko a kumwera monga ankachitira anyamata ambiri a nthawiyo, amabwerera kumudzi, amalowa ufumu, ndipo pamapeto pake amatembenuka mtima nakhala mkhristu. Wowerenga wa lero akhoza kunena kuti mathero otere ndi omwe amishoni ankafuna, ndipo sangalakwe. Koma mtima wa bukuli suli pa mathero. Uli pa njira yonse imene mlembi amatiyendetsamo tisanafike kumeneko: mwana akabadwa amatani, matenda akalowa m'nyumba anthu amathamangira kwa yani, mlandu amaukamba bwanji pabwalo, maliro amayenda motani, mkamwini amakhala bwanji pamudzi pa eni. A Nthara analemba zonsezi ngati munthu wa m'nyumba, osati ngati mlendo wosuzumira pa zenera. Anthu a m'bukuli, ngakhale asanamve za Uthenga Wabwino, ali ndi malamulo, ali ndi chifundo, amadziwa chabwino ndi choipa. Mu 1933 si onse amene ankavomereza zimenezi poyera.

Mmishonale wa ku Livingstonia, Thomas Cullen Young, anamasulira bukuli m'Chingerezi, ndipo linatuluka ku London mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi wodziwika kwambiri ku Mangalande. Young ndi yemwe uja anadzagwirizana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda potulutsa buku la Our African Way of Life mu 1946. Motero nkhani ya mphunzitsi wa ku Nkhoma inawerengedwa ndi anthu amene sanapondepo ku Nyasaland. Kutchuka kotere kukanatha kumuchotsa munthu pa choko ndi bolodi, kapena kumukopa kuti ayambe kulembera azungu m'chinenero chawo. A Nthara anapitiriza kulemba m'Chichewa, kulembera ana a sukulu ndi makolo awo.

Ntchito yawo yaikulu koposa ndi Mbiri ya Achewa, imene inatuluka koyamba cha m'ma 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikupita kumapeto, ndipo inadzatulukanso yowonjezeredwa mu 1965. Pofuna kumvetsa kukula kwa ntchitoyi tiyenera kukumbukira kuti panalibe nyumba ya mabuku kumene munthu akanapita kukaitenga mbiriyi. Inali yomwazikana m'mitu ya mafumu, ya nduna zawo, ya osunga akachisi ndi ya amayi achikulire a m'mbumba zachifumu. Kuti uitole unkayenera kupita komweko. Ndipo aliyense amene anayesapo kufunsa munthu wachikulire za kale amadziwa kuti ntchito imeneyi siifuna liuma. Sufika ndi mafunso ako n'kuyamba kuwerenga ngati wa kalembera. Umapereka moni, umadzitchula kuti ndiwe mwana wa yani, umadikira. Nkhalamba imayamba ndi za mvula ya chaka chatha, n'kudzera ku mlandu wa mbuzi, ndipo chimene wabwerera chimatuluka dzuwa litapendeka, mwinanso pa ulendo wachiwiri. Apa mphunzitsi, amene anazolowera kuimirira kutsogolo ana ali chete, anayenera kukhala pansi n'kusanduka mwana wa sukulu.

Zimene anatola ndi zomwe ambiri a ife timazitchula lero osadziwa kuti zinatipeza kudzera mwa yani: ulendo wa makolo kuchokera ku Uluwa, m'dziko limene tsopano ndi Democratic Republic of Congo; ufumu wa Kalonga ndi likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka; mafuko awiri akuluakulu a Phiri ndi Banda, lina la ufumu, lina la nthaka ndi mvula; Kaphirintiwa pa mapiri a Dzalanyama; kubalalika kwa mafumu monga Undi, Mkanda, Mwase wa ku Kasungu ndi Kanyenda, aliyense kukatenga dziko lake. Mbiri yotere kawirikawiri imakhala ya amuna ndi nkhondo zawo, ndipo bukuli nalonso lili ndi zambiri zotero. Koma mbiri ya Achewa siingakambidwe popanda amayi. Ufumu wa Kalonga unkadutsira mwa Nyangu, mayi wa mafumu. Ku kachisi wa ku Msinja wamkulu anali Makewana, amake a ana onse, amene mafumu ankatumizako nthumwi mvula ikavuta. Mwana wa sukulu wowerenga zimenezi ankazindikira kuti agogo ake aja, amene sadziwa ngakhale kulemba dzina lawo, ali pa mzere wa anthu amene anasunga dziko.

Kodi zonse za m'bukuli ndi zoona monga zinachitikira? Akatswiri a mbiri amene anabwera pambuyo anapeza malo pamene nkhani za mafumu osiyana zikutsutsana, pamene mibadwo ingapo yapanikizidwa kukhala umodzi, ndi pamene wofotokoza ankakometsa mbali ya banja lake. Zimenezi sizodabwitsa, fumbi ndiwe mwini, ndipo mfumu iliyonse pofotokoza za makolo ake imakumbukiranso za malire a dziko lake. Koma akatswiri omwewo sakanakhala ndi poyambira pakanapanda a Nthara. Iwo anafika nthawi yabwino, akadalipo anthu amene anabadwa Angoni asanakhazikike ku Dowa ndi amene anamva nkhanizi kwa makolo a nthawi ya Amaravi. Wofufuza wofika zaka 30 pambuyo pake anapeza ambiri mwa anthu amenewo ali kumanda.

Buku limene likukhudza kwambiri mapiri a Dowa ndi la Msyamboza. Ameneyu sanali munthu wopeka. Anali nyakwawa ya mudzi wa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe, amene anabadwa cha m'ma 1830 namwalira mu 1926 ali nkhalamba yothetheka. Moyo wake unadutsa nyengo zitatu: ya Achewa akudzilamulira okha, ya nkhondo za Angoni ndi malonda a kunyanja, ndi ya azungu. Ali wamphamvu anali mlenje wa njovu ndi wamalonda a minyanga. Zinthu zitasintha sanakhale pansi kulira zakale. Analandira sukulu m'mudzi mwake, anayesa mbewu zachilendo monga tirigu wothirira m'chilimwe, analimbikitsa ukhondo pamudzi, ndipo iye mwini anadzakhala mkhristu. Pamene Msyamboza ankamwalira, a Nthara anali ndi zaka 21 zokha. Mbiri yake anachita kuilumikiza kuchokera kwa anthu amene anakhala naye. Cullen Young anaimasuliranso, ndipo inatuluka mu 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise.

Pa mabuku onse a Nthara, ili ndi limene likuonetsa bwino maganizo awo. Nthawi imeneyo nkhani ya chitukuko inkakambidwa ngati kuti zonse zabwino zinabwera pa sitima, ndipo Mwafirika ntchito yake inali kulandira. Mbiri ya Msyamboza ikuonetsa munthu wa kumudzi, wosapita kusukulu, amene ankayang'ana chinthu chatsopano, n'kuchiyesa, n'kusankha yekha chimene chingathandize anthu ake. Amishoni a ku Kongwe alimo m'nkhaniyi, koma mwini nkhani ndi nyakwawa. Mphunzitsi amene amapatsa ana a ku Dowa buku lotere amakhala akuwauza kuti nzeru sizinayambe ndi sileti, ndi kuti agogo awo sanali anthu ongodikira kuuzidwa.

Mabuku ena tingowatchula mwachidule. Nchowa, la mu 1949, ndi nkhani ya moyo wa mayi, chinthu chimene sichinali chofala pa nthawi imene olemba ndi olembedwa omwe anali amuna. Analembanso mbiri ya Mbusa Namon Katengeza, mmodzi mwa abusa awiri oyamba achikuda a mishoni ya Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925 pamodzi ndi Andreya Namkumba. Ndipo m'buku la Mawu Okuluwika anasonkhanitsa mawu akuya a chinenero chathu ndi matanthauzo ake, aja amene mwana amawamva kwa agogo koma osawapeza m'buku la kusukulu.

Pali chimodzi chimene sitingachibise. A Nthara anali mwana wa nthawi yawo ndi wa mishoni yawo, ndipo nkhani zawo zopeka zimapendekera kumene mishoni inkapendekera: wochimwa amatembenuka, zakale zina zimagonja. Amene akufuna buku loteteza miyambo yonse ya makolo sadzalipeza kwa iwo. Koma n'kulakwa kuwayesa ndi muyeso wa lero, pamene Gule Wamkulu anavomerezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mipingo inaphunzira kulankhula za chikhalidwe mofatsa. Ife Akatolika tinadzayamba kukamba momasuka za kuzika chikhulupiriro m'chikhalidwe cha anthu utatha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene unatsekedwa mu 1965, ndipo makamaka pa Sinodi ya Africa ya mu 1994. Mphunzitsi wa ku Nkhoma anali atayamba kale kumvetsera nkhalamba zaka makumi atatu Msonkhanowo usanachitike, popanda chikalata cha mpingo chomulimbikitsa.

Ansembe athu amene anadzafufuza za chipembedzo cha makolo anayenda m'njira imene iwo analambula. Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort analemba zambiri za Mbona ndi za akachisi a mvula, Bambo J.W.M. van Breugel a White Fathers analemba za chipembedzo cha Achewa. Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni ku Mua mu 1976. Onsewa anabwera ndi maphunziro a ku maiko akutali ndipo anachita kuphunzira chinenero. A Nthara chinenerocho anayamwira, ndipo anthu amene ankawafunsa anali akwawo.

M'chaka cha 1968 boma linalengeza kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo dzina lakuti Chinyanja linasiyidwa m'Malawi muno. Chigamulo chimenechi chinali ndi ndale zake, ndipo anthu a zinenero zina, makamaka Chitumbuka chimene chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, anamva kuwawa kumene sitiyenera kukuchepetsa. Koma pamene aphunzitsi anafunafuna mabuku a Chichewa oti aike m'manja mwa ana, ena mwa ochepa amene analipo kale anali a Nthara, olembedwa kalekale pamene panalibe amene ankaganiza kuti chinenerochi chidzafika pamenepo. M'chaka chomwecho katswiri wa mbiri pa Yunivesite ya Malawi, Bridglal Pachai, analemba nkhani ya moyo ndi ntchito zawo m'magazini ya Society of Malawi Journal, eni ake akadali moyo.

Mu 1973 Mbiri ya Achewa inatuluka m'Chingerezi ku Wiesbaden m'dziko la Germany, yomasuliridwa ndi W.S. Kamphandira Jere, pamodzi ndi ndemanga za katswiri wa mbiri Harry Langworthy. Mawu amene nkhalamba za m'midzi ya Chigawo cha Pakati zinayankhula zitakhala pa khonde analowa motero m'nyumba za mabuku za mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America. Apo n'kuti a Nthara ali ndi zaka 68, msinkhu wa anthu aja ankapita kukawafunsa ali mnyamata. Anamwalira m'zaka zomwezo za m'ma 1970, patapita zaka zoposa 40 chilembere Nthondo.